Nyimbo ziwiri zikafanana, wakuba ndani?

Funso lachokera kwa mnyamata wina woimba wa ku Blantyre:

"Chaka chatha ndinajambula nyimbo pa situdiyo ina m'tauni muno. Sinatchuke kwenikweni, ndinangoitumiza kwa anzanga pa WhatsApp n'kuiika pa YouTube. Mwezi wathawu woimba wina wodziwika watulutsa nyimbo, ndipo aliyense amene waimva akundiimbira foni kuti, 'Aise, akubera.' Biti ndi yomweyo, makodi ndi omwewo, kolasi imayamba chimodzimodzi. Chowawa n'chakuti ena osandidziwa akuti wakuba ndine. Ndinamva kuti ku America Robin Thicke analipira mamiliyoni chifukwa cha nyimbo yofanana ndi ya Marvin Gaye, koma Ed Sheeran anapambana mlandu wonga womwewo. Malire ali pati? Ndikasume?"

Achimwene, pepani, zimawawa zimenezo. Koma musanapite kwa loya aliyense, yambani mwayesa kanthu aka, sikalira ndalama. Zimitsani sipika. Pezani munthu amene nyimbo ziwirizi sanazimvepo, makamaka wa khutu lozolowera kwaya, ngati amayi a Mvano aja amene amagwira wophonya noti ngakhale atakhala benchi ya kumbuyo. Muwaimbire kolasi yanu ndi pakamwa pokha, popanda biti, popanda gitala. Kenako muwaimbire ya mnzanuyo momwemonso. Akati, "Si yomwe ija mwaimba poyamba ija?", muli ndi poyambira. Akapukusa mutu n'kunena kuti izi ndi nyimbo ziwiri, sungani ndalama zanu.

Ndatero chifukwa pa zinthu zitatu mwatchulazi, ziwiri si zanu ndipo si zake. Makodi alibe mwini. Nyimbo zosawerengeka za m'tchalitchi, za reggae, za paukwati, zimayenda pa makodi atatu kapena anayi omwewo, ndipo mwana amene wagwira gitala milungu iwiri amakhala atawaponda kale. Kamenyedwe ka ng'oma nakonso kalibe mwini. Palibe angaime pabwalo n'kunena kuti manganje ndi ake, kapena kuti aliyense woimba amapiano azimulipira. Imeneyo ndi njira ya kuchitsime, mudzi wonse umadutsamo. Chimene lamulo limateteza ndi chimene munthu wapeka yekha kuchokera ku zinthu za aliyensezo: chuni, mawu, ndi kalumikizidwe kake. Ndiye kwa inu, nkhani yagona pa kolasi paja.

Mlandu wotere ukafika kukhoti, woweruza amafuna kudziwa zinthu ziwiri. Kodi woimbidwa mlanduyo anaimvapo nyimbo ya wodandaula? Nanga chimene chafananacho n'chachikulu, komanso n'cha wodandaulayo payekha? Chimodzi chikasowa, mlandu wagwa. Anthu awiri osadziwana akhoza kupeka chuni chimodzi, ndipo lamulo silitcha zimenezo kuba.

Chimene khoti sililabadira, ndipo ambiri amadabwa nazo, ndi chakuti kaya munthuyo anachita dala kapena ayi. George Harrison wa gulu la Beatles anaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1970 anatulutsa "My Sweet Lord", nyimbo inamveka dziko lonse. Kampani ya Bright Tunes, eni ake a "He's So Fine", nyimbo ya atsikana a gulu la Chiffons imene inatchuka mu 1963, inamusumira ku New York. Harrison anakanitsitsa. Iye ankati chimene chinamukoka mtima popeka chinali "Oh Happy Day", nyimbo yauzimu ija. Jaji Richard Owen, amene nayenso ankapeka nyimbo, anaziphwanya nyimbo ziwirizi monga amachitira mphunzitsi wa kwaya pa bolodi, n'kupezamo tizigawo tiwiri. Koyamba ndi so-mi-re. Kachiwiri ndi so-la-do-la-do. Kalikonse pakokha n'kachabechabe, mwana wa Sande Sukulu akhoza kukaimba akusewera. Koma "He's So Fine" imabwereza koyambako kanayi, n'kulowa kachiwiriko kanayi. "My Sweet Lord" imabwereza koyambako kanayi, n'kulowa kachiwiriko katatu. Imbani nokha mumve. Mu 1976 jajiyo anati akukhulupirira kuti Harrison sanabe mwadala, koma nyimbo ya Chiffons inali itafika pa nambala wani ku America ndi kumvekanso kwambiri ku Britain, choncho inakagona m'mutu mwake, n'kudzatuluka tsiku lina ngati yake. Anamupeza wolakwa basi. Za ndalama anakokanakokana zaka, mpaka mu 1981 khoti linakhazika pa madola 587,000.

Mpeni umenewu umacheka mbali zonse, achimwene. Ukhoza kukuthandizani, chifukwa simuyenera kutsimikizira kuti mnzanuyo anakhala pansi n'kukonza zokuberani. Koma dzifunseninso inuyo, moona mtima, usiku muli nokha: kolasi yanuyo inachokera kuti? Si zachilendo kupeza kuti oimba awiri akukanganirana chuni chimene onse anachiyamwa ali ana, kuchokera mu nyimbo ya pamtondo, ya pasewero la ana, kapena ya m'buku la nyimbo la kutchalitchi. Zikakhala za makolo, malamulo athu amaika umwini wake m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo nonse awiri ndinu obwereka.

Tibwere pa funso la kumva. Apa ndi pamene oimba osatchuka ambiri amagwera. Mu 2022 ku High Court ya ku London, woimba wina dzina lake Sami Chokri ankati kagawo kobwerezabwereza ka mu "Shape of You" ya Ed Sheeran kanachokera mu nyimbo yake ya 2015, "Oh Why". Mukazimva motsatizana, zimafananadi. Koma Jaji Zacaroli anapeza kuti panalibe umboni woti Sheeran anaimvapo nyimbo ya Chokri, komanso kuti kagawoko n'kakafupi, kokwera manoti m'njira imene nyimbo zambiri zimakwerera. Anagamula kuti Sheeran sanakopere, kaya mwadala kaya mosazindikira. Mbali ya Chokri inalamulidwa kulipira mapaundi oposa 900,000 a ndalama zimene mbali ya Sheeran inawononga pa mlanduwo. Chiwerengero chimenecho muchisunge. Ndipo mlandu uwu ukukhudzeni kuposa ya ku America ija, popeza malamulo athu anachokera ku England ndipo majaji athu amayang'anako akafuna kuona momwe anzawo anaganizira nkhani yofanana, ngakhale sakakamizidwa kutsatira.

Kungoti "nyimbo yanga inali pa YouTube" n'kosakwanira. Pa intaneti pali nyimbo mamiliyoni, ndipo palibe amazimva zonse. Chimene chimalemera ndi njira yooneka ndi maso imene nyimbo yanu inadutsa kukafika m'khutu mwake. Munamutumizirapo pa WhatsApp kuti aimve, kapena kuti muimbe limodzi? Munaimbapo pa shoo imodzi? Manejala wake anali nayo? Munajambulira pa situdiyo imodzi? Funso lomalizali ndibwereranso, chifukwa ndikulikayikira kwambiri.

Tsopano za Thicke ndi Sheeran, zimene zakusokonezanizi. Simuli nokha, zinasokoneza ndi maloya omwe.

"Blurred Lines" inatuluka mu 2013, ya Robin Thicke ndi Pharrell Williams. Ana a Marvin Gaye anati yachokera mu "Got to Give It Up" ya 1977. Mukayesa njira ya amayi a Mvano ija, nyimbozi sizigwirizana. Chuni n'chosiyana, mawu ndi osiyana, makodi omwe ndi osiyana. Chofanana ndi mzimu wake: kabelu kakugogoda, besi yodumphadumpha, mawu opyapyala a mwamuna, phokoso la anthu ngati paphwando. Koma ku America milandu yambiri yotere imagamulidwa ndi anthu wamba osankhidwa, gulu limene amati jury, ndipo mu Malichi 2015 ku Los Angeles gululi linapatsa banja la Gaye madola pafupifupi 7.4 miliyoni. Jaji anatsitsa kufika pa 5.3 miliyoni, n'kuwonjezera theka la ndalama za umwini wa chopekacho zimene nyimboyo izidzapanga mtsogolo. Pa apilo mu 2018, majaji awiri anavomereza chigamulocho, wachitatu, Jacqueline Nguyen, anakana, nati banjalo lapatsidwa umwini wa mtundu wa kaimbidwe, chinthu chimene sichinachitikepo.

Ine ndili mbali ya mayi Nguyen. Ndimaona kuti Thicke anagwa ndi pakamwa pake osati ndi manoti. Nyimbo ili pamoto, anali atauza atolankhani kuti "Got to Give It Up" ndi imodzi mwa nyimbo zimene amazikonda kwambiri ndipo anauza Pharrell kuti apange yonga imeneyo. Mlandu utabwera anasintha, nati pa nthawiyo anali woledzera ndi mowa ndi mankhwala, ndipo nyimboyo kwenikweni anapeka ndi Pharrell. Munthu wotere ndani angamukhulupirire? Oimba ndi opeka nyimbo oposa 200 analembera khoti la apilo kuti chigamulochi chiopseza aliyense amene anaphunzira kuimba pomvera amene anamutsogolera, kutanthauza woimba aliyense.

Zaka zotsatira makhoti anayamba kubweza ng'ombe m'khola. Mu 2020 gulu la Led Zeppelin linapambana komaliza pa "Stairway to Heaven", pomwe ankawanena kuti gitala yoyambirira ija anaitenga mu "Taurus" ya gulu la Spirit. Manoti otsika pang'onopang'ono amenewo oimba akhala akuwagwiritsa ntchito zaka mazana. Chaka chomwecho jaji anafafaniza chigamulo cha 2019 chimene chinalamula Katy Perry ndi anzake kulipira madola 2.78 miliyoni kwa Flame, woimba rap yauzimu, chifukwa cha manoti asanu ndi atatu obwerezabwereza mu "Dark Horse". Khoti la apilo linagwirizana naye mu 2022: manoti otsika masitepe choncho ndi njerwa, si nyumba.

Kenako Sheeran uja pa mlandu wina, ku Manhattan, New York, mu 2023. Omusumira anali banja la Ed Townsend, amene anapeka "Let's Get It On" limodzi ndi Marvin Gaye mu 1973, ndipo ankati makodi anayi ndi kagwedwe kake mu "Thinking Out Loud" n'zobedwa. Anali ndi chimene ankachiyesa umboni wosatsutsika: kanema wa Sheeran pa shoo, akuimba nyimbo yake n'kulowa mu ya Gaye osasintha kaponderedwe ka gitala. Sheeran anayankha kuti nyimbo zambiri za pop zimalowerana choncho, ndipo akanakhala kuti anabadi, chikanakhala chitsiru chotani chokaonetsa poyera pamaso pa anthu 20,000? Ndiyeno anatenga gitala m'khoti momwemo, ali pampando wa mboni, n'kuponda makodi anayi aja pang'onopang'ono, kuonetsa kuti kodi yachiwiri imene iye amaponda si imene katswiri wa mbali inayo ankanena. Katswiri wa mbali yake anabweretsa nyimbo zakale kuposa 1973 zoyenda pa makodi omwewo. Pa 4 Meyi, atakambirana maola atatu okha, a jury anati sanabe. Anapambana, koma maliro a agogo ake aakazi ku Ireland anamudutsa ali m'khoti.

Ndiye kusiyana kwa awiriwa si kwakuti wina anaba kwambiri wina pang'ono. Onse ankaimbidwa mlandu pa zinthu za aliyense. Wina anadzimangirira ndi lilime lake pa nthawi imene makhoti anali atatayirira, wina anadziwa kufotokoza nyimbo yake noti ndi noti.

Musamvere zimene zimanenedwa m'masitudiyo zoti ukatenga masekondi ochepa, kapena ukasintha noti imodzi, wapulumuka. Lamulo lotero kulibe. Khoti limayang'ana kulemera kwa chotengedwacho, osati kutalika kwake kokha. Gulu la Men at Work la ku Australia linaimba "Down Under" mu 1981, ndipo kwa zaka zoposa 25 palibe anadandaula, mpaka mu 2007 pulogalamu ya mafunso pa TV inafunsa kuti kachitoliro ka m'nyimboyo kakufanana ndi nyimbo iti ya ana. Inali "Kookaburra", imene mphunzitsi wina, Marion Sinclair, anapeka m'zaka za m'ma 1930. Tizigawo tiwiri tokha ndi timene tinatengedwa, koma nyimbo ya anayo yonse ili ndi tizigawo tinayi, ndiye linali theka. Mu 2010 khoti linapatsa kampani imene inagula umwini wake magawo 5 pa 100 aliwonse a ndalama za nyimboyo kuyambira 2002. Manu Dibango wa ku Cameroon nayenso anakokana ndi Michael Jackson chifukwa cha kamzere kamodzi ka mu "Soul Makossa" ya 1972, ndipo anagwirizana kunja kwa khoti. Kolasi yanu ikakhala kuti ndiyo mtima wa nyimbo, mizere iwiri ndi yokwanira.

Dziwaninso kuti m'nyimbo imodzi muli umwini uwiri: wa chopekacho, ndi wa chojambulidwacho. Munthu akaimbanso chuni chanu ndi zida zake, wakhudza woyambawo. Akadula kachidutswa ka nyimbo yanu yojambulidwa kale n'kukaika mu yake, chimene amati sample, wakhudza onse awiri, ndipo apo kutsimikizira n'kosavuta, chifukwa pa kompyuta mafunde a mawuwo amagonerana ndendende.

Koma pali nkhani imodzi imene ndimafuna woimba aliyense wa kuno aidziwe kuposa ya Sheeran. Mu 1939, masiku amene agogo athu ankakwera za Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, Mzulu wina dzina lake Solomon Linda analowa mu situdiyo ya Gallo ku Johannesburg ndi gulu lake la Evening Birds n'kujambula "Mbube". Chakumapeto kwa mbaleyo Linda anaponya mawu ake m'mwamba n'kupeka pomwepo kachuni kamene lero dziko lonse limakadziwa. Umwini wake anaupereka kwa kampaniyo pa mashiling'i 10. Mbaleyo inawoloka nyanja, woimba wa ku America Pete Seeger anaimva, ndipo mawu akuti "uyimbube" anawamva ngati "wimoweh". Mu 1961 gulu la Tokens linaiimba ndi mawu a Chingerezi n'kukhala "The Lion Sleeps Tonight", nambala wani ku America. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi. Mu 1994 nyimboyo inalowa mu filimu ya Disney ya The Lion King, ana aakazi a Linda akuvutika ku Soweto. Mu 2000 mtolankhani Rian Malan analemba nkhani yonseyi mu magazini ya Rolling Stone, ndipo maloya anafukula lamulo lakale la 1911 la ufumu wa Britain, lonena kuti pakatha zaka 25 wopeka atamwalira, umwini umabwerera ku banja lake. Anasuma mu 2004. Mu 2006 kampani ya Abilene Music, eni ake a "The Lion Sleeps Tonight", inavomera kulipira banjalo ndi kulemba Linda ngati mmodzi wa opeka. Mlandu suola, zoona, koma apa unatenga zaka 67, mwini wake atagona m'manda zaka 44.

Pa nkhani ya Linda panalibe wokana kuti nyimbozo zikufanana. Chinamumanga ndi pepala. Ndipo ndikamva mawu anu akuti "biti ndi yomweyo", mtima wanga ukuthamangira komweko.

Zimene mungachite tsopano n'zosavuta. Umwini wanu unayamba tsiku limene nyimboyo inajambulidwa, sufuna chidindo kuti ukhalepo. Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, ndipo lamulo lathu la umwini la 2016 limakutetezani. Komabe kalembetseni nyimboyo ku COSOMA, bungwe limene lakhala likutolerera oimba ndalama za nyimbo zawo kuyambira 1992, kuti pakhale cholembedwa. Sungani chilichonse chokhala ndi deti: mawu amene munadzijambula pafoni mukuyeserera kolasi, kope lolembamo mawu, mauthenga a pa WhatsApp, tsiku limene munaiika pa YouTube, risiti ya situdiyo ngati munapatsidwa. Zimenezi ndi zomwe zidzatseke pakamwa amene akuti wakuba ndinu. Foni imeneyo musaigulitse. Ndipo pa Facebook musalembe kuti uje ndi mbava, ngakhale anzanu akukusonkhezerani, chifukwa mukalephera kutsimikizira, wosumiridwa mudzakhala inu, pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

Kolasi ikapezeka kuti ndi yanudi, musathamangire kukhoti. Khoswe wa pamkhate sapheka msanga: mnzanuyo ali ndi dzina, ali ndi ndalama, ali ndi omukonda, ndipo mlandu ukhoza kudya zambiri kuposa zimene nyimbo ziwirizo zidzapange. Mikangano yambiri yotere imathera patebulo. Woimba wa ku America Tom Petty ataona kuti "Stay With Me" ya Sam Smith ikufanana ndi "I Won't Back Down" yake ya 1989, panalibe mlandu. Anakambirana, dzina la Petty ndi la mnzake Jeff Lynne analowa pa mndandanda wa opeka, aliyense n'kumalandira gawo lake. Kalata yaulemu yochokera kwa loya, yopempha kuti dzina lanu lilembedwe ndi kuti mugawane ndalama, ikhoza kukupatsani zambiri, ndipo kwa woimba wongoyamba kumene, dzina kumveka pambali pa nyimbo yotchuka si kanthu kakang'ono.

Koma choyamba, mawa lomwe, bwererani ku situdiyo kuja. Mufunseni wojambula uja mafunso awiri, modekha, ngati mukucheza. Biti ija anapangira inu nokha, kapena munaipeza ili kale pa kompyuta n'kungoikonda? Nanga woimba wotchukayo anapondapo pakhomo pakepo? Zimachitika kawirikawiri kuti wojambula amagulitsa biti imodzi kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo nthawi zina amang'ung'udza kakolasi kamene anamva kwa woyamba pothandiza wachiwiri kupeza poyambira. Ngati simunalemberane kuti bitiyo ndi yanu nokha, iye akhoza kunena kuti munangolipira nthawi ya situdiyo. Mupempheni atsegule fayilo ya nyimbo yanu muone limodzi deti imene bitiyo inapangidwa, ndi tsiku limene mawu anu analowamo. Akayamba kuzembazemba, kapena kunena kuti kompyuta inafa, mudziwe kuti kalata yoyamba ya loya iyenera kupita kwa iyeyo.